Mlamu Wanga Lufeyo ndi Ndodo za Gofu

Ku Joni sindinapite chifukwa chokonda kuyenda ayi. Chaka chimenecho fodya wanga anabwezedwa ku okushoni, ati munali nthenga ndi tizingwe, ndipo pomwe ankadzagulidwa n'kuti atachita nkhungu. Ndinali mkamwini kwa akazi anga, kum'mawa kwa Mtunthama, ndipo mkamwini yemwe fodya wamukana amayamba kumva zonse zomwe eni mudzi akunong'onezana. Ndinagulitsa njinga, n'kutsanzika amake Tiyamike, mwanayo ali kumsana. Basi inatidutsitsa ku Dedza, ku Tete, ndi dziko lonse la Zimbabwe. Potsika miyendo inali itatupa moti nsapato ndinazinyamula m'manja.

Amene anandilandira ndi Gondwe, bambo wina wa ku Nkhamenya, wosakaniza Chitumbuka polankhula, yemwe nambala yake ndinapatsidwa ndi mnzanga wa m'basi. Sankandidziwa, koma atamva kuti ndine wa ku Kasungu anangoti, "Bwerani, mubali. Malo ndi ochepa kweni tigona." Kanali kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu. Nyengo yozizira tinkayala makatoni pansi ndi kulowetsa nyuzipepala m'malaya. Gondwe ankanyamula zikwama za anthu osewera gofu, ndipo madzulo ankabwera ndi buledi wotsala m'thumba, n'kumudula pakati osafunsa ngati ndadya. Ine ndinkayenda geti ndi geti kupempha ganyu wa m'maluwa, agalu akundiuwa.

Gondwe yemweyo ndi amene anandiperekeza kwa Mdala Hennie, mzungu wokalamba yemwe ankakonza ndodo zakale za gofu m'galaja ya kunyumba kwake. Ankafuna munthu wosesa. Sabata yoyamba ndinaona hamala yake ikugwedera, ndiye ndinasema kamtengo n'kukhomera pamutu pa mpini. Mdala anaitenga, n'kuizunguza m'mwamba, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Mawa lake anandilanda tsache n'kundipatsa tupa.

Ndodo yakale ya gofu ili ngati khasu. Mutu ndi wachitsulo, mpini ndi wa mtengo wolimba wa ku Amereka wotchedwa hikore. Mutuwo uli ndi khosi lobooka, mpini umalowa m'menemo, ndipo kamsomali kopingasa kamagwira ziwirizo. Mpini ukathyoka umagogoda kamsomaliko mpaka katuluke, n'kutenthetsa khosi pang'ono kuti guluu wakale afewe, kenako n'kupotokola. Mpini watsopano umausema ndi tupa, kuyesa, kuchotsa, kusemanso, mpaka ulowe osagwedera. Mizere ya mtengo iyenera kutsata komwe mphamvu ikupita, monga timachitira ndi mpini wa nkhwangwa. Pogwirira timakulunga chikopa n'kumanga mapeto ake ndi ulusi wopaka phula. Ulusiwo zala zanga sizinavutike nawo, zinakulira kusoka fodya.

Chovuta chinali kuwongola mpini wopindika. Eni ena sankafuna watsopano, ankafuna womwewo womwe anagwira makolo awo. Mdala anali ndi chipangizo chokhala ngati mfuti, chouzira mpweya wamoto. Ankayamba wapaka mafuta pamtengo, n'kuutenthetsa pang'ono pokha, mpaka pomwe chikhatho chingapirire. Akatero ankaupinda pang'ono, n'kuusiya ugone, mawa n'kubwerezanso. "Mtengo uwu ndi wamkulu kuposa agogo ako," ankatero. "Sumaukalipira. Umaunyengerera." Zinanditengera nthawi yaitali kuti andilole kugwira mfutiyo, ndipo tsiku lomwe anandilola anatuluka panja n'kundisiya ndekha. Ndinadziwa kuti wandikhulupirira.

Zaka zimenezo zinali zabwino. Ndinkatumiza katundu ndi anyamata a mathiraki, ndipo kumudzi kunamangidwa nyumba ya njerwa zootcha ndi chigafa chachikulu. Amayi anga ndinawatumizira bulangete ndi nsapato zopitira kutchalitchi. Gondwe anapeza mkazi n'kusamuka, koma Lamulungu tinkakumanabe, kukazinga mapazi a nkhuku ndi kukangana ngati mvula yayamba kwathu. Masiku a m'pasipoti yanga anali atatha kale, monga zinalili ndi ambiri a ife. Tinkangoyenda mutu uli pansi tikaona galimoto ya apolisi.

Kenako amake Tiyamike anayamba kundidandaulira pa foni za mchimwene wawo Lufeyo. Mnyamatayo anali atamaliza sekondale, ntchito palibe, fodya sakufuna. "Muitaneni, atate ake Tiyamike," anatero. "Akungokhalira bawo pa Mtunthama. Ndi malume a mwana wanu." Ndinamutumizira ya ulendo, n'kukamulandira ku depoti, n'kumuyalira pomwe ankagona Gondwe. Mdala sankafuna munthu wina, koma ndinamuchonderera mpaka anavomera.

Lufeyo anali ndi pakamwa. Chingerezi chake chinkaseketsa makasitomala, ndipo iye ndi amene ankawathamangira pageti kukanyamula zikwama. Manja okha ndiwo analibe chifatso. Mdala anamupatsa sandipepa, kupukuta dzimbiri ndi kukulunga zikopa, koma mfuti ya moto ankamuletsa ngakhale kuikhudza. Tsiku lina tikumwa tiyi, Mdala anavula magalasi n'kunena kuti maso ake akutha. Analoza benchi, matupa ndi zopanira zonse, n'kundiuza kuti akadzapuma zidzakhala zanga, iye azidzangokhala pampando kulandira anthu. Lufeyo anaseka kwambiri n'kundigwira chanza. "Alamu, mwafikapo," anatero.

Mapasipoti athu tinkawabisa limodzi m'kachitini, pamwamba pa mtanda wa denga. Ankadziwapo ndi ine ndi iye basi. M'mawa wina ndinadzuka n'kupeza Lufeyo atapita kale, zomwe sanachitepo. Ndikumanga nsapato, apolisi anagogoda. Sanafunse za anthu a m'zipinda zina. Mmodzi anakwera pabedi n'kupisa dzanja pamtanda ngati munthu yemwe anaikapo yekha. M'chitinimo munali pasipoti imodzi, yanga.

Za kumalo komwe amasungira anthu oyembekeza kuthamangitsidwa sindikonda kuzikamba. Tinali ambiri m'chipinda, nsabwe zinali m'mabulangete, ndipo anthu ankamenyanirana malo a pafupi ndi zenera. Mnyasa mnzathu wa ku Mangochi anatsokomola mpaka tsiku lina anamutulutsa atamufunditsa kumutu. Yemwe anabwera kudzandiona ndi Gondwe yekha, atanyamula buledi ndi sopo.

"Mdala wamva?" ndinamufunsa.

"Wamva."

"Ndiye?"

Gondwe anayang'ana pansi. "Mlamu wanu wamuuza kuti munkaba mitu ya ndodo n'kumagulitsa kumsika. Ine ndamuuza kuti ndi utesi, kweni wati sakufuna za apolisi pakhomo pake. Pabenchi panu pali Lufeyo tsopano."

Miyezi inapita. Anatikweza basi n'kukatisiya pachipata cha Mwanza, ine ndi zovala za m'thupi. Ku Kasungu ndinafika pamwamba pa lole ya feteleza. Ndinkaganiza kuti ndikangolowa m'nyumba yanga, n'kusamba, zonse ndidzazifotokoza. Ndinapeza nkhani itafika kale. Amake Tiyamike anandiyalira mphasa panja ngati mlendo, n'kutuma munthu kukaitana atsibweni awo.

"Tamva zonse," anatero atsibweniwo. "Za kuba, ndi za mkazi wanu wa kumeneko."

"Mkazi uti?"

"Lufeyo sanganamize mlongo wake. Tengani zanu, bambo. Mudzi uno mbava sitisunga."

Ndinayang'ana amake Tiyamike kuti mwina anenapo kanthu. Iwo ankathyolathyola kamtengo, maso ali kwina. Nyumba ndi chigafa zinali pa nthaka yawo, mwana anali wa mbumba yawo. Zanga zinakwana m'jumbo.

Kwathu ndinafika dzuwa litapendeka. Chemwali anga atangondiona anakhala pansi pomwe anali. Amayi anali atamwalira ine ndili m'manja mwa apolisi, ndipo anaikidwa popanda ine. Chemwali anandiuza kuti mbiri ya kuba itawapeza, amayi anasiya kupita kutchalitchi. Nsapato zija anazikulunga m'nsalu, ati sangavale zakuba. Bulangete analikana ngakhale pomwe ankanjenjemera ndi malungo. "Ankangoti, ndinamuuza popita kuti cha mwini asakagwire," anatero chemwali. Zoona, anandiuza. Ndipo sindinagwire. Koma iwo analowa m'manda akudziwa kuti anabereka mbava.

Kuyambira tsiku limenelo Lufeyo ndinkadzuka naye, ndinkagona naye. Ndinapeza kakhonde pa Mtunthama n'kuyamba kusema mipini ya makasu ndi nkhwangwa, kukonza mipando, nthawi zina kukulunga ndodo za gofu za aphunzitsi a kusukulu yaikulu ya pomwepo. Nambala yake sindinaifufute. Ndinkaona zithunzi zomwe ankaika pa foni: iye atavala epuloni yanga, ataima pabenchi panga, akumwetulira ndi tupa langa m'manja. Amake Tiyamike anakwatiwa ndi venda wa fodya, ndipo munthuyo ankasunga mabelo ake m'chigafa changa. Mwana wanga ankandipatsa moni wapatali, ngati wopatsa mphunzitsi.

Anthu ankandiuza kuti ndisiye m'manja mwa Mulungu. Wina anandilozera sing'anga wa kufupi ndi Lifupa, ndipo ndinapalasa njinga yobwereka mpaka kuona denga lake. Ndinabwerera pomwepo. Sikuti ndinachita mantha. Ndinaona kuti Lufeyo akadzadwala kapena kupenga, sadzadziwa kuti ndi ine. Ine ndinkafuna adziwe.

Foni yake inabwera nthawi yothyola fodya, mvula ikuwaza. Ndinayang'ana dzinalo mpaka foni inatsala pang'ono kuduka.

"Alamu, muli bwanji kumeneko?" Mawu ake anali ofewa ngati tinasiyana dzulo.

"Tilipo."

Anazungulira, za mvula, za Tiyamike, kenako anafika pa nkhani. Mdala anali atafa ziwalo mbali imodzi, ali m'chipatala, sakulankhula. Galaja inali m'manja mwa Lufeyo. Bwana wina wolemera anabweretsa ndodo za agogo ake, zonse zopindika chifukwa chokhalitsa m'chipinda chonyowa. Sankafuna mipini yatsopano, poti pa yakaleyo panali dzina la wozipanga ndi pomwe panatha ndi manja a agogowo. Ankazifuna pa mpikisano wa ndodo zakale womwe unali pafupi, ndipo Lufeyo anali atalonjeza kale.

"Za moto Mdala sanandiphunzitse," anatero. "Ndinu nokha, alamu. Zakale tizisiye."

Ndinayankha mofatsa. "Ndili ndi kasitomala. Muimbenso dzuwa likafika pamutu."

Linali tsiku la msika, ndipo ndinadziwa kuti amake Tiyamike ali pamzere wa tomato. Sitinalankhulane kuchokera tsiku la mphasa lija. Ndinaima patsogolo pawo n'kunena kuti, "Sindikufuna kanthu kwa inu. Mungobwera mudzamve mchimwene wanu. Musalankhule." Anandiyang'ana, kenako anasiyira mnzawo tomato n'kunditsatira. Ndinawapatsa mpando kuseri kwa mulu wa mipini.

Foni italira ndinatsegula kuti imveke pamtunda.

"Muli nokha?" anafunsa Lufeyo.

"Ndili ndi mipini yanga. Ndikuuzani zonse, koma muyambe mwandiuza chinthu chimodzi, chifukwa chimandisowetsa tulo. Apolisi aja anadziwa bwanji za chitini?"

Pa foni ndinkamva magalimoto a ku Joni akudutsa.

"Alamu, ndi Satana."

"Satana sankadziwa pamtanda paja. Ngati simukufuna, tsalani bwino."

"Dikirani." Anapuma mwamphamvu. "Ndinawauza ndine. Mdala anati zonse ndi zanu. Nanga ine ndikanakhala wa sandipepa mpaka liti? Ndinkati angokubwezani kumudzi, basi."

"Mitu ya ndodo ndinaba ingati?"

"Simunabe."

"Mkazi wanga wa ku Joni dzina lake ndani?"

"Panalibe mkazi. Ndinaopa kuti mukafika mukandinenera kwa achemwali, ndiye ndinafuna asakumvereni."

Amake Tiyamike anali atatseka pakamwa ndi chitenje. Misozi inkatsikira pa zala zawo, koma mawu sanatulutse.

"Chabwino," ndinatero. "Tengani cholembera."

Ndinamuuza mwachifatso, ngati mphunzitsi wabwino. Ndinati mafuta asapake, amatchinga moto. Atsegule mfuti mpaka kumapeto, aiyandikize pamtengo, asasunthe kufikira mtengo usinthe mtundu ngati fodya wouma ndipo fungo limveke. Akatero aupinde kamodzi n'kuupana, ndipo achite zonse tsiku limodzi poti nthawi yatha. Pakada apalepo ndi sandipepa n'kupakapo vanishi wakuda. Ndinkadziwa chomwe moto wotere umachita. Hikore amawongoka ndithu, n'kuoneka bwino kunja, koma m'kati amakhala atapsa, wosachedwa kuthyoka ngati phesi la chimanga. Iye ankabwereza mawu anga mmodzimmodzi, ine n'kumavomera.

Foni itaduka, amake Tiyamike anapukuta nkhope. "Mwamuthandiza munthu ameneyu?" anafunsa.

"Ndamuuza zomwe zikumuyenera."

Anafuna kugwada kuti apepese, koma ndinawauza kuti tomato wawo akuwadikira.

Patapita masiku Lufeyo ananditumizira zithunzi. Ndodo zinali zitandandalikidwa pabenchi, zowongoka, zikunyezimira. Pansi pake analemba kuti Mulungu andidalitse. Ndinamuyankha kuti ameni.

Zotsatira zake anandiuza ndi Gondwe, yemwe anali pabwalo tsiku la mpikisano. Bwana uja anafika atavala ngati anthu akale, kabudula wofika m'mawondo ndi kapusi, banja lake lili pambuyo. Atamenya mpira woyamba, mpini unathyoka, mutu n'kuulukira m'tchire. Anatenga ndodo ina, nayo chimodzimodzi. Kenako anasolola zotsalazo imodziimodzi n'kumazipinda pang'ono ndi manja, ndipo iliyonse inkangoti thyo, m'kati muli bii ngati khala. Munthu wamkuluyo anakhala pa kapinga n'kuyamba kulira pamaso pa anzake.

"Ndimwe, eti?" anafunsa Gondwe.

"Ndine."

"Za Lufeyo ndikumvetsa. Kweni munthu yura anakulakwirani chiyani, mubali? Nanga Mdala? Ana ake atseka galaja. Zida zonse agulitsa."

Mdala ankadziwa komwe ndinali ndipo sanabwere. Za bwana uja yankho ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe. Ndodo zija zimandibwerera m'maganizo ndikagwira mtengo wabwino, chifukwa ndikanaziwongola ine zikanamenya mpira mpaka zidzukulu zake. Koma ndikunena pano kuti foni ija itati ilirenso, ndinganene zomwezo. Gondwe anasiya kundiimbira kwa nthawi, kenako anayambiranso. Za tsikulo sitikambanso.

Bwana uja anatengera Lufeyo kupolisi, ndipo kumeneko anapeza kuti nayenso masiku a m'pasipoti yake anatha kale. Anakagona komwe ndinagona ine, m'mabulangete omwe aja. Kuno nkhani ya bodza lake inali itamveka kale, chifukwa amake Tiyamike anakafotokoza okha kumudzi. Atsibweni aja anabwera pakhonde panga kudzapepesa, tambala m'khwapa, chipewa chili m'manja. Tambalayo ndinalandira. Ndinawauza kuti akapite kwathu akanene mawu omwewo pamaso pa chemwali anga ndi anthu a kutchalitchi cha amayi, ndipo anapita. Tiyamike tsopano amabwera kudzakhala nane sukulu akatsekera.

Lufeyo anafika nthawi yosoka fodya itatha, misika itatsegulidwa. Ndinamva kuti wabwera koma sindinamufunefune. Anabwera yekha masana ena, ine ndikulowetsa mpini m'khasu la mayi wina. Poyamba sindinamuzindikire. Anali ataonda, khosi ngati la nkhuku yonyowa, atavala malaya a munthu wina. Anadikira mpaka mayiyo atapita.

"Munandinamiza, alamu," anatero.

"Eya."

"Munkadziwa kuti zithyoka."

"Ndinkadziwa."

Anayang'ana mpando womwe unali pafupi, koma sindinamuuze kuti akhale. Anatsokomola, chifuwa chomwe ndinachidziwa bwino komwe anachitenga.

"Ntchito yatha, kumudzi sakundiyankhula, achemwali sandipatsa ngakhale madzi," anatero. "Ine ndinakugwetsani, inu mwandigwetsa. Ndiye tafanana. Tizisiye pamenepa."

Ndinaika tupa pansi n'kumuyang'ana bwinobwino, kuyambira kumapazi.

"Mwafika kwanu, eti? Amayi anu mwawapeza?"

"Ndawapeza."

"Akuonani, mwalankhula nawo?"

"Eya."

"Ndiye sitinafanane," ndinatero.

Anaimabe pang'ono. Kenako anatembenuka n'kulowera njira ya kumsika, akuyenda m'mbali mwa msewu kupewa mathiraki a fodya. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota.